Mmene Mlamu Wanga Anandigwetsera pa Bwalo la Utuchi

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Inu mwakhala kumbuyoko, ngati simukumva mukweze dzanja, chifukwa mawu angawa anasasa kalekale ndi kachasu ndipo sanabwererenso.

Dzina langa ndine Layisoni. Kwathu ndi kwa Mpama, koma ndinakakwatira kwa Kadewere. Ena achikulire mukandiyang'anitsitsa mundikumbukira ndi dzina lina, Mphenzi. Ee, ndine ndemwe. Ndaona bambo awo akugwedeza mutu. Munkabwera kudzaonera, eti? Ndiye inu mukudziwa zimene zinkaoneka. Ine ndabwera kudzanena zimene sizinkaoneka, chifukwa ndikudziwa kuti muno muli anthu amene anayamba kumwa atachitidwa chipongwe ndi munthu amene ankamukhulupirira. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, tcherani khutu.

Mu 1996 ndinali kalipentala, ndili ndi mkazi wanga Esinati ndi mwana mmodzi, Rozi. Mowa sindinkaudziwa. Nthawi imeneyo matipate anali atangobwera, zinthu zitamasuka, ndipo munthu wina anatsegula nyumba ya vidiyo pamsika. Tinkapanikizana pa mabenchi masana dzuwa likuswa mtengo, mawindo otseka, thukuta lili kamukamu. Anzanga ankakonda za karate. Ine chimene chinandigwira mtima ndi tepi ina ya azungu ogwetsana, masewera aja amati resilingi. Ndinaionera mpaka mwini vidiyo anayamba kundiseka. Koma diso la kalipentala limafuna kuona pamene thabwa lalumikizana ndi linzake. Anzanga akuona nkhonya, ine ndinkayang'ana manja. Ndinazindikira kuti munthu woponyedwayo amadumpha yekha, ndipo womuponyayo amamuika dzanja kunkhongo mpaka afike pansi. Anthu aja sankamenyana ayi. Ankasungana.

Munthu woyamba kumuuza zimenezi anali mlamu wanga Sitifano, mlongo wake wa Esinati. Tinali a msinkhu umodzi, ndipo chikwatire pamudzipo iyeyu ndi amene anandilandira ngati m'bale. Tinkalima limodzi, kumaliro kukumba manda limodzi.

"Alamu, zimenezi ifenso tikhoza," ndinatero.

Iye anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mukufuna tithyoke makosi, alamu?"

"Sitithyoka. Tiyamba kaye kuphunzira kugwa."

Kuseri kwa nyumba yanga, pakati pa khola la mbuzi ndi mtengo wa mango, ndinazika mitengo inayi ya bulugama. Ndinakumba pakatipo pang'ono, n'kuthirapo utuchi wa kuntchito kwanga, ngolo zingapo, kenako n'kuyala masaka a feteleza osokedwa pamodzi. Zingwe zinali machubu akutha a galimoto. Miyezi itatu yathunthu tinkangogwa basi. Chibwano pachifuwa, manja tambasu, msana wonse ufike pansi nthawi imodzi. Azimayi akamapita kumjigo ankaima n'kumafunsana ngati amuna a Esinati mutu ukuyenda bwino.

Pang'onopang'ono anthu anayamba kulowa. Anabwera Dankeni, woumba njerwa, chimunthu chachikulu chofatsa ngati mwana, chimene tinachipatsa dzina loti Thirakita. Anabweranso ena mpaka tinakwana anthu eyiti. A Matiki, telala wachikulire wa pamsika, anatisokera zovala kuchokera ku kaunjika, ndipo iwo omwewo anakhala oyimbira masewera, ndi wezulo wawo wa mpira. Lamba wa katswiri ndinamupanga ndi lamba wakutha wa chigayo, pakati n'kukhomererapo chivundikiro cha poto chokwecha ndi mchenga mpaka waliwali. Tinadzitcha Bungwe la Ogwetsana la Kadewere. Malamulo ndinalemba ndi penti pa katoni n'kupachika pa mango paja: wakumwa asalowe m'bwalo, zomenya zenizeni ayi, ndipo ukanyamula mnzako usamusiye asanafike pansi.

Lamulungu lililonse anthu akaweruka kutchalitchi ankathamangira kwathu. Ena ankapalasa njinga kuchokera ku Magomero. Pachulu pankadzaza, mu mango munkadzaza. Esinati ankakazinga zitumbuwa n'kutha zonse masewera asanafike pakati. Ine ndinali Mphenzi, wovala zofiira, wokondedwa ndi anthu. Sitifano anali Njati, wankhanza, wobera, amene azimayi ankamugenda ndi makoko a nzimbe. Tikamaliza, anthu atabalalika, ine ndi Njati yemweyo tinkakhala pakhonde n'kumasisitana misana ndi madzi otentha, tikuseka. Zaka zitatu, palibe anathyoka ngakhale chala. Abale anga, sindinakhalepo wosangalala ngati nthawi imeneyo.

Mu 1999 kunabwera bambo wina amene anali ndi bala ya mpanda pamsika. Dzina lake sinditchula, anamwalira. Anatipeza tikuyeserera.

"Anyamata, muli ndi chinthu chabwino, koma mukuchiwonongera kuseri kwa khola la mbuzi," anatero. "Bweretsani kwanga tsiku la msika. Koma anthu akumwa safuna zoseweretsa. Akufuna aone magazi pang'ono, wina aswedwe ndi mpando."

Ndinawayankha kuti, "Bwana, ife timasewera pamaso pa ana ndi azimayi. Zamagazi ndi zamowa sitipanga."

Ndinayang'ana anzanga. Onse anali zyoli. Sitifano ndi amene anatsegula pakamwa. "Alamu anena zoona, bwana. Pepani." Ndinagona ndi mtima woyera tsiku limenelo, ndikuthokoza Mulungu pondipatsa mlamu wotere.

Patapita masabata atatu linafika tsiku lolimbirana lamba, ine ndi Sitifano. Tinali titapangana zonse monga mwa nthawi zonse. Andinyamule pamapewa, andiponye chagada pakati pa bwalo pamene utuchi unali wambiri, a Matiki awerenge kawiri, ine ndidzambatuke n'kumugonjetsa. Zimenezi tinali titazichita kosawerengeka.

Anandinyamuladi. Ndili m'mwamba ndinaona kuti sanaime pakati. Anaponda phazi lina, n'kupondanso lina, kulowera kukona. Ndinaganiza kuti akufuna anthu a mbali imeneyo aone bwino. Kenako ndinamva dzanja lake likuchoka kunkhongo kwanga. Silinaterereke. Linachoka. Munthu amene wagwiridwa ndi dzanja lomwelo zaka zitatu amadziwa kusiyana kwake.

Ndinagwera phewa, pansi pouma gwa. Ndinamva kuti thyo, ngati nkhuni youma. Sitifano anandigwera pamwamba, anthu akukuwa.

"Alamu, ndathyoka, dzukani," ndinamunong'oneza.

Iye anaika pakamwa pake pakhutu langa. "Gonani pomwepo, alamu."

A Matiki anamenya pansi katatu, kusonyeza kuti ndagonja. Anthu anaimba nthungululu, ena kutukwana Njati, onse akuyesa kuti ndi masewera. Ine ndinamuona akukweza lamba uja m'mwamba, kenako maso anachita mdima.

Kuchipatala anati fupa la paphewa lathyoka pawiri ndipo phewalo laguluka. Ndinakhalako masabata atatu. Esinati ankabwera. Mwa anzanga seveni aja, sanabwere ndi mmodzi yemwe. Tsiku lotuluka, nditafika kunyumba dzanja lili pansalu, ndinazungulira kuseri. Ndinapeza maenje anayi. Mitengo anazula, machubu anatenga, masaka anatenga. Katoni ya malamulo ija inali itatsekera pakhomo pa khola la nkhuku.

Ndinamutsatira Sitifano kwake. Anandilandira ndi nkhope yachisoni. "Alamu, inali ngozi. Dzanja linaterera ndi thukuta. Zinthuzo tangosamutsa kuti bungwe lisafe inu mukudwala."

"Nanga mawu aja munandiuza kukhutu?"

"Mawu ati? Inutu munali mutakomoka."

Nditamuuza Esinati, anandiyang'ana ngati ndatukwana mayi ake. "Bambo a Rozi, ameneyu ndi mlongo wanga. Tinayamwa bere limodzi. Sangachite zimenezo." Nditapita kwa amalume ake anandiuza kuti ine ndine mkamwini, malo amene panali bwalolo ndi a mbumba yawo, ndiye ndisasokoneze mudzi chifukwa cha masewera a ana. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti pamudzi ponse paja ndinali ndekha.

Zotsatirazo ndizinena mwachangu, chifukwa ambiri muno mukuzidziwa kuposa ine. Kapu yoyamba ya kachasu ndinamwa kuti phewa lisiye kuwawa. Linasiyadi. Yachiwiri ndinamwa kuti ndisamve chimkuzamawu cha kubala kuja, chimene tsiku la msika chinkalengeza kuti bwerani mudzaone Njati, amene anayambitsa masewera ogwetsana m'boma lino. Phewa linapola mokhota, kupala matabwa kunkandivuta, ndiye ndinapeza chifukwa. Ndinagulitsa macheka. Ndinagulitsa hamala ndi tchizulo. Ndinayamba kufika kunyumba ndikukwawa, kuswa mbale, kutukwana abale a mkazi wanga mmodzimmodzi ndi mayina awo, Rozi akubisala kuseri kwa nkhokwe.

Tsiku lina la msika, chaka cha 2000, nditakhuta kuyambira m'mawa, ndinalowa mumpanda muja ndi botolo m'manja. Ndinaona mitengo yanga ya bulugama, machubu anga, ndi Sitifano atavala lamba wanga. Ndinakwera m'bwalo. Ndinkafuna mutu wake. A Matiki anathamanga kudzaima pakati, akuti, "Layisoni mwanawe, dikira!" Botolo linawapeza pakamwa. Mano anayi anagwera pamasaka.

Khoti linandipatsa miyezi naini. Kundende sindinenako zambiri. Nsabwe, kugona chammbali ngati nsomba zoyanika, ndi kuganiza za munthu mmodzi tsiku lonse. Ena amati ndende imasintha munthu. Ine inangondisungira ludzu. Nditatuluka ndinapeza zovala zanga anazitumiza kale kwa mayi anga kwa Mpama, m'thumba la feteleza. Banja linathera pomwepo. Kwa Mpama ndinamwa zaka ziwiri zina. Chaka cha njala chija, anthu akudya gaga, ine ndinazula chitseko cha nyumba ya mayi anga, chimene ndinawakhomera ndekha ndili mnyamata, n'kukasinthitsa ndi kachasu. Mayi anagona miyezi ingapo pakhomo atatchinga ndi mphasa. Ndipo aliyense wondidzudzula ndinkamuyankha chimodzimodzi, kuti pitani mukafunse Sitifano.

Tsopano ndifatse, chifukwa apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse.

Unali mwezi wa Okutobala, 2003, cha m'ma teni koloko m'mawa. Ndinali pansi pa mtengo kwa mayi wina wotcheza kachasu, ndikudikira wina wachifundo andilawitse, manja akunjenjemera chifukwa ndinali ndisanalawe kanthu. Ndinaona mzimayi akubwera wapansi, fumbi mpaka m'maondo. Anandigwadira patali pang'ono.

"A Layisoni, mwandiiwala? Ndine Feliya, akazi a Dankeni."

"Thirakita? Akufuna chiyani kwa ine?"

"Akudwala. Akuti musakane, ali ndi mawu."

Ndinapita, osati chifukwa cha chifundo ayi. Ndinkaganiza kuti mwina kumeneko andigulira mowa. Titafika anandilowetsa m'nyumba ya mdima, yonunkha mkodzo. Pamphasa panali munthu amene ndikanamupitirira pamsewu. Mapewa anali omwe aja, koma miyendo inali itaonda ngati mipini.

"Amwene, mwabwera," anatero.

Anandifotokozera kuti miyezi iwiri yapitayo, kubala kuja, munthu wina watsopano amene sanaphunzitsidwe chilichonse anamuponya kuchokera patebulo, onse awiri atamwa. Anagwera msana pa benchi. Kuchokera m'chiuno kutsika m'munsi sankamvanso kanthu. Apolisi atabwera, mwini bala anatseka masewerawo, bungwe n'kutha. Sitifano anabwera kamodzi ndi shuga, osabweranso.

"Ndiye mwandiitanira zimenezo?" ndinafunsa.

"Ayi. Khalani pansi." Ndinakhala. "Tsiku munathyoka lija, sinali ngozi."

"Zimenezo ndikudziwa. Ndakhala ndikunena zaka zinayi, anthu akunditenga wamisala."

"Simukudziwa zonse. Loweruka lake tinakumana kuseri kwa bala, tonse seveni. Bwana uja anatigulira mowa wa m'mabotolo. Sitifano anati inu simudzalola, ndiye njira ndi yongokupumitsani mwezi umodzi kapena iwiri, pofika pochira mupeze zinthu zitasamuka. Palibe anakana, amwene. Ngakhale mmodzi." Kenako anati, "Utuchi wa pakona paja ndinaukokolola ndine ndi khasu, inu muli kutchalitchi. Ndinabwezeretsa masaka bwinobwino kuti pasaoneke."

Abale anga, ine ndinkayesa kuti mdani wanga ndi mmodzi. Dankeni ameneyu ndinamuphunzitsa kugwa ndi manja angawa. Mwana wake woyamba atamwalira, bokosi ndinakhoma ndine.

"A Matiki nawonso?" ndinafunsa.

"Iwo okha ndi amene sankadziwa. Tinkaopa kuti akuuzani."

Munthu mmodzi yekha wosalakwa pagulu lonselo, ndi amene ine ndinamugulula mano.

Ndinaimirira. Pafupi ndi chitseko panali mpini wa khasu, ndipo sindikubisirani, ndinauyang'ana. Dankeni anaona kuti ndauyang'ana. Ndinatuluka. Panja ndinapeza a Feliya atayala mphasa pamthunzi, pambali beseni la madzi.

"Ndamva zonse, a Layisoni," anatero. "Sindikupemphani kuti muwakhululukire. Koma bambowa chibwerere kuchipatala sanaone dzuwa. Ine ndekha sindingawanyamule, ndipo anzawo onse anathawa. Ndithandizeni kuwatulutsa ndiwasambitse, kenako muzipita."

Sindikudziwa chimene chinandibweza. Mwina n'chifukwa choti panali patapita zaka munthu asanandipemphe chilichonse kupatula kuti ndichoke. Ndinalowanso, n'kugwada, dzanja lina kumsana, lina pansi pa maondo. Ine Mphenzi, amene ndinkamukweza Thirakita yemweyu m'mwamba ali wonenepa, anthu akuimba m'manja. Ndinamudzutsa movutika. Phazi loyamba, lachiwiri. Pakhomo penipeni manja anayamba kugwedezeka ngati si anga, maondo anafooka, m'maso munachita chizungulire. Tinagwa tonse awiri pakhonde.

A Feliya anakuwa. Ine ndinangoti ndamupha. Koma nditatsegula maso ndinapeza dzanja langa lili kunkhongo kwake, pakati pa mutu wake ndi njerwa za khonde. Zala zanga zinali zitasupuka, magazi akutuluka. Sindinaganize zoliika pamenepo. Linapita lokha.

Dankeni anandiyang'ana, misozi ikulowa m'makutu. "Amwene, mutu mwaugwira."

Tinakhala chigonere pamenepo, amuna awiri akuluakulu, wina wopanda miyendo, wina wonunkha kachasu wadzulo. Ndinalira kulira kumene sindinalire kuchipatala, kukhoti kapena kundende. Sindinkalirira iyeyo. Ndinkalira chifukwa ndinaona kuti mwa ine munali mutatsala kanthu kena kabwino, ndipo ndinali pafupi kukamiza.

A Feliya atatithandiza kufika pamphasa anandiuza mosapita m'mbali. "Mubwerenso mawa. Koma mubwere musanamwe. Mukadzawagwetsanso ndidzakuthamangitsani ndi munsi."

Musaganize kuti ndinasiya mowa tsiku lomwelo. Ndikuchokera kumeneko ndinakamwa. Musaganizenso kuti ndinamukhululukira Dankeni. M'mawa mwake ndinabwererako chifukwa ndinkafuna andiuzenso, ndimve bwino kuti uje ananena chiyani, uje anaseka kapena ayi. Ndinkamufunsa tsiku lililonse ngati wapolisi, iye n'kumayankha osabisa. Koma kuti ndikamufunse ndinkayenera kumunyamula kaye, ndipo kuti ndimunyamule ndinkayenera kufika ndisanamwe. Ndiye mowa wa m'mawa unayamba wafa. Patapita sabata a Feliya anati ndizidikira mpaka folo koloko kuti ndizimulowetsanso. Wa masana unafanso. Inu amene mukufuna kusiya, pezani malo amene munthu akukudikirani pa ola limene khosi limayamba kuyabwa. Kungokhala pakhomo n'kumalumbira kuti sindimwanso, ine ndinayesa kambirimbiri, sizinagwire.

Nditaganiza zosiyiratu, tsiku lachitatu ndinayamba kuona nyerere zikutuluka m'khoma, thupi lonse likugwedezeka. Mayi anga anandikweza panjinga ya mnansi kupita nane kuchipatala, ndipo adokotala anati ndikanachedwa ndikanafa. Ndiye ngati mwamwa zaka zambiri, musasiye mobisala. Uzani munthu, ndipo mukayamba kuona zachilendo thamangirani kuchipatala, si ufiti.

Nditachira ndinapita kwa mayi wotcheza kachasu uja masana, makasitomala ake ali pomwepo, n'kunena mokweza kuti, "Mayi, kuyambira lero mukadzandiona pano mudzandithire madzi a m'mbale." Anthu anaseka. Koma tsiku lina nditabwereradi, anandithira. Ndinagwa n'kumwanso kawiri chaka chimenecho, ndipo kawiri konse ndinadzuka m'mawa n'kukanena ndekha kwa a Feliya ndi kwa mkulu wa mpingo wathu. Ndinasintha njira yopitira kumsika, ngakhale inali yozungulira. Ndinaphunzira kudya phala ndisanatuluke m'nyumba, chifukwa njala ndi ludzu la mowa zimafanana mawu. Kupemphera ndinayambiranso, koma pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, lero lokha.

Mkulu wa mpingo uja anandibwereka macheka ndi hamala. Chinthu choyamba kukhoma chinali chitseko cha mayi anga. Chachiwiri chinali mpando wa Dankeni, wa matayala a njinga, kuti a Feliya azitha kumukankha okha. Phewa limawawabe mpaka lero kukazizira, koma ndinapeza kuti ntchito limagwira. Lija linali bodza langa.

Ulendo wovuta kwambiri unali wa kwa a Matiki. Ndinawapeza pakhonde la sitolo akupalasa makina awo. Ndinagwada pa fumbi anthu akuona, n'kuwauza zonse, za utuchi, za kuseri kwa bala, ndi zoti iwo okha ndi amene anali oyera. Anasiya kupalasa. Pakamwa pawo panali pobowoka chifukwa cha ine.

"Ndiye kuti ndinawerenga katatu mwana wa eni atathyoka," anatero. "Mano sabwerera, Layisoni. Dzuka, ukuchititsa manyazi. Tebulo langali likugwedera mwendo, ubwere nazo zida zako Lachiwiri."

Esinati ndinamupeza atakwatiwa kale ndi munthu wina, wabwino ndithu. Ndinapempha kudzera kwa ankhoswe kuti ndilankhule naye, ndipo a Feliya anapita nane kukachitira umboni. Esinati anamvetsera mpaka kumapeto, akupotokola nsonga ya chitenje.

"Bambo a Rozi, ndinakulakwirani posakukhulupirirani," anatero. "Zimenezo ndidzafa nazo. Koma amene ankaswa mbale m'nyumba mwanga, mwana n'kumagona kunkhokwe, sanali Sitifano."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa phewa, chifukwa anali oona. Anthu seveni anandithyola fupa limodzi. Zina zonse ndinathyola ndekha. Anandilola kuti Rozi azibwera kwa Mpama pa holide. Ulendo woyamba sanandiyandikire, ankangondiyang'ana m'manja ngati muli botolo. Pano amabwera yekha osaitanidwa.

Dankeni anakhala zaka zitatu pampando uja, kenako zilonda za kumsana zinamutenga. Kodi ndinamukhululukira? Ndikuganiza choncho, ngakhale sitinakhalepo pansi n'kutchula mawuwo. Iye ananena zoona pamene akanatha kufa nazo. Ena asanu aja tikakumana amayang'ana kumbali.

Sitifano ndinakumana naye chaka chatha pamsika wa Kadewere, nditabweretsa mipando yogulitsa. Wanenepa, ali ndi golosale. Anandiona, n'kubwera atatambasula manja ngati tinasiyana dzulo.

"Alamu! Mukuoneka bwinotu masiku ano. Zakale zija tiiwale, tinali ana. Tiyeni tilowe apa ndikugulireni kamodzi kozizira."

Ndinamuyang'ana m'maso, ndikudikira kuti mwina anena mawu amodzi okha, akuti ndinalakwa. Ankangomwetulira. Ndikuuzeni zoona, mowa umenewo ndinaufuna kuposa tsiku lina lililonse chisiyireni.

Ndinati, "A Sitifano, chilamu chinatha. Kuiwala sindinaiwale, ndipo mowa wanu sindimwa."

Ndinamanga mipando yotsala panjinga n'kupalasa osacheuka. Nditafika pamlatho ndinatsika n'kukhala pansi mpaka mtima unabwerera m'malo.

Ndiye inu amene mukudikira kuti amene anakulakwiraniyo abwere adzapepese kaye kuti musiye kumwa, ndabwera kudzakuuzani kuti mwina sabwera. Wanga sanabwere. Ali ndi golosale, amagona tulo tabwino, ndipo pamsika pali anthu mpaka lero amene amakhulupirira kuti masewera aja anayambitsa ndi iyeyo. Zimandiwawa. M'mawa uno pobwera kuno zinandiwawanso. Koma ndabwera ndi miyendo yanga, m'kamwa mulibe fungo, ndipo ndikachoka pano ndikupita kukamaliza bedi la munthu amene akulifuna Lolemba.

Bambo munagwedeza mutu aja, tikatuluka musathawe. Ndakuonani manja anu mmene akuchitira. Tikambirane panja.